Rejisita Yachisanu ndi Malole a Ngolo

Ndinayamba ntchito ku Limbe ngati woboola makadi a kompyuta, pa kampani ina yogula ndi kutumiza mbewu: thonje, nandolo, nyemba ndi mtedza. Makadi aja atatha ntchito, anzanga ambiri anawasamutsira ku maofesi ena, koma ine ananditumiza kukaphunzira kulemba mapulogalamu, chifukwa abwana anandipezapo kangapo ndikuwerenga mabuku a makina pa nthawi ya nkhomaliro. Pamene nkhani iyi inkachitika n'kuti ndili ndi ana awiri, tikukhala ku Nkolokosa, ndipo mapulogalamu onse a pakampanipo ndinkasamalira ndine.

Ntchitoyo ndinkaikonda. M'mawa ndinkakwera basi, khadi la chipani lili m'kachikwama pamodzi ndi makiyi, poti sunkadziwa pamene angakufunse. Ndikafika ndinkavala juzi. Chipinda cha kompyuta chinkazizira usana wonse chifukwa cha makina oziziritsa, ndipo ine mwana wa ku Nsanje, wokulira m'kutentha, sindinazolowere mpaka kuchokapo. Kompyutayo inali imodzi, yotalika ngati kabati ya mbale, koma inkatumikira anthu asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, aliyense ali ndi sikirini ndi kiyibodi yake. Waya wina unkachoka m'chipindamo, kudutsa pansi pa bwalo, kukafika pa sikelo yoyezera malole imene inali pageti.

M'chipindamo tinkakhalamo awiri. Mnzanga anali injiniya wathu, bambo wachikulire wochokera ku Mulanje, amene agogo ake anabwera kuchokera ku Mozambique. Iwo ankaona za mawaya, magetsi ndi zonse zogwirika ndi manja. Ankayenda ndi kasikuludiraiva m'thumba la malaya ngakhale popita kutchalitchi. Pa za mapulogalamu ankati, "Zimenezo n'zanu, mayi. Ine chinthu chosagwirika sindichikhulupirira."

Vuto linayamba nyengo ya thonje. Mapepala otumizira katundu anayamba kutuluka olakwika apo ndi apo. Pamene pankayenera kukhala matumba mazana awiri pankatuluka nambala yachilendo, nthawi zina dzina la depoti linkaduka pakati n'kupitirira ndi zilembo zopanda tanthauzo. Sizinkachitika tsiku lililonse. Pankatha masiku awiri zinthu zili bwinobwino, kenako lachitatu mapepala anayi n'kuonongeka.

Ambiri mwa mapepalawo ankalemba ndi mayi wina wa ku Chimwankhunda, wamasiye, amene anayamba kutaipa pakampanipo ine ndisanamalize pulaimale. Kwawo kunali ku Chikwawa, choncho tikakhala awiri tinkasakaniza Chisena, ndipo ndinkawaitana kuti amayi. Popeza iwo ndiwo ankataipa kwambiri kuposa onse, zolakwika zambiri zinkapezeka pa mapepala awo. Lole ina itapita ku depoti ndi pepala lolakwika n'kubwezedwa, abwana anawalembera kalata yowachenjeza. Anati maso awo atopa.

Tsiku limenelo amayiwo anandipeza pa mpopi wa kuseri ndikutsuka kapu.

"Mwanawe," anatero, "ine zaka zonsezi ndataipa pa makina a riboni popanda wondilembera kalata. Ndikataipa ndimayang'ana. Chimene ndalemba ine si chimene chikutulukacho."

"Ndikukhulupirirani, amayi."

"Ndiye kauze chinthu chakocho."

Ndinawakhulupiriradi, koma ndinalibe chosonyeza abwana. Pulogalamu yolembera mapepalayo ndinalemba ndine, ndiye poyamba ndinkaganiza kuti wolakwa ndine. Ndinaiwerenga mzere ndi mzere kwa sabata yathunthu, osapezamo kanthu. Ndinatenga mapepala olakwika aja n'kuwataipanso ndekha, chimodzimodzi, ndipo onse anatuluka bwino. A injiniya nawo anayesa zawo. Anakayikira magetsi, anayeza, anali bwino. Anatulutsa mabodi onse a m'kati mwa kompyuta, kuwapukuta fumbi la thonje n'kuwabwezera. Anasinthanitsa sikirini ya amayi aja ndi ya kalaliki wina. Zolakwika zinapitirirabe.

Abwana anati titumize telekisi kwa amene anatigulitsa makinawo kunja. Ndinalemba uthenga wake, a injiniya n'kuuwerenga. Anatulutsa bolopeni n'kuyamba kufufuta.

"Mayi, mawu a m'kompyutawa ndi oopsa. Apa mwati munapha pulogalamu. Apa mwati ina inalanda ulamuliro. Mukudziwa amene amawerenga matelekisi opita kunja?"

Tinaseka chapansipansi, chitseko chili chotseka, koma mawuwo tinawasinthadi. Masiku amenewo munthu unkayeza mawu ngakhale pokamba za makina. Yankho linabwera patapita masiku khumi. Anati kwa iwo makinawo alibe vuto lotere, ndipo tione ngati chipinda chikuzizira mokwanira.

Amene anatitsegula maso anali amayi omwe aja. Tsiku lina msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe unatsekedwa kuyambira m'mawa chifukwa mtsogoleri wa dziko ankadutsa. Malole onse anawaimika kutali. Ife amene tinalawirira tinangopitiriza ntchito, pabwalo pali zii. Amayi aja anali ndi mulu wa mapepala otsalira, ndipo anataipa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana osalakwika ngakhale limodzi. Msewu utatsegulidwa, malole anafika mondondozana, ndipo ola lisanathe mapepala awiri anali ataonongeka.

Analowa m'chipinda chathu osagogoda, mapepala ali m'manja.

"Inu ophunziranu, tamverani. Chinthu chanuchi chimadana ndi malole. Ine ndimakhala pawindo, ndimaona. Pageti pakakhala palibe lole, sichilakwitsa."

A injiniya anakanda m'mutu. "Mwina nyumba imagwedera, waya wina n'kumamasuka."

Koma ine ndinaganiza zina. Lole ikaima pageti, imakhala ili pa sikelo. Ndipo sikeloyo inkalankhula ndi kompyuta.

Apa ndifotokoze pang'ono mmene makinawo ankagwirira ntchito, monga ndinawafotokozera amayi aja madzulo amenewo tikudikira basi. M'kati mwa kompyuta muli purosesa, imene imachita masamu onse. Purosesayo ili ndi timalo towerengeka timene imagwiriziramo manambala amene ikugwiritsa ntchito panthawi imeneyo. Timaloti timatchedwa marejisita. Ndiye pali pulogalamu yaikulu yoyang'anira zonse, imene timaitcha kenelo. Sikelo ikatumiza uthenga, kenelo imaimitsa kaye ntchito ya munthu amene purosesa ikumutumikira, imasunga pambali zonse zimene zili m'marejisita, imalandira uthengawo, kenako imabwezera chilichonse m'malo mwake kuti ntchito ija ipitirire pamene inalekezera. Zonsezi zimachitika mwachangu moti munthu sazindikira. Koma rejisita imodzi ikapanda kubwezeredwa, pulogalamu ya munthu uja imapitiriza ndi nambala imene si yake, iyo osadziwa.

"Ndiye kuti munthu wabwereka mpando wanga ndili chiimire, n'kundibwezera wothyoka," anatero amayi aja.

"Ngati ndi mmene ndikuganiziramu, eya. Koma sindinatsimikize."

Kachigawo ka kenelo kolankhula ndi sikelo sikanabwere ndi makinawo. Kanalembedwa ndi mzungu wina amene anagwirapo ntchito pakampanipo n'kubwerera kwawo ine ndikadali ku makadi. Kanagwira ntchito zaka zambiri popanda wodandaula, n'chifukwa chake sindinakaganizire n'komwe. Funso linali lakuti, ngati kali ndi vuto, bwanji layamba chaka chino?

M'mawa mwake ndinalemba kapulogalamu kakang'ono, kosakwana tsamba limodzi. Ntchito yake inali kuika nambala yodziwika mu rejisita iliyonse, kenako kumangozungulira, kuyang'ana ngati manambalawo akadali momwemo. Imodzi ikasintha, kaime pompo n'kulemba pa sikirini rejisita imene yasintha ndi nambala yachilendo imene yalowamo. Ndinakayambitsa, a injiniya n'kupita pageti. Tinagwirizana kuti lole iliyonse ikakwera pa sikelo aziimba foni ya m'kati.

Foni inalira. "Yakwera ya nandolo."

Kapulogalamu kanangozungulirabe. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi. Pofika nthawi ya tiyi malole asanu ndi awiri anali atadutsa popanda chosintha, ndipo ndinayamba kuchita manyazi, poti ndinali nditauza kale abwana kuti ndagwira poyambira. Ndinamwa tiyi ndili chiimire, maso ali pa sikirini.

Cha m'ma 11 koloko foni inaliranso. "Iyi ndi ya ngolo, yaitali ija. Akuyeza mutu kaye. Dikirani, ikusuntha. Tsopano akuyeza ngolo."

Asanamalize kulankhula, kapulogalamu kanga kanaima. Pa sikirini panalembedwa rejisita imodzi, ndi nambala imene sindinaikemo ine.

"Bambo!" ndinakuwa pafoni. "Tawafunsani akapitawo, yalemera bwanji yonse pamodzi?"

Anandiwerengera. Inali nambala yomweyo imene inali pa sikirini yanga. Kulemera kwa lole ya thonje kunali kutakhala m'kati mwa purosesa, pamalo pamene panayenera kukhala nambala yanga. Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha m'chipinda chozizira chija.

A injiniya atabwera anafotokoza mbali imene ine sindinkaidziwa. Sikelo yathu inali yaifupi. Lole yaitali sinkakwanapo yonse, ndiye ankayeza mutu, kenako ngolo, kapitawo n'kudina batani lakuti ziwirizo ziphatikizidwe. Kale malole otere ankabwera mwa apo ndi apo, chifukwa katundu wambiri ankapita pa sitima. Koma nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji, katundu yense anayamba kuyenda pamsewu, ndipo chaka chimenecho kampani inapangana ndi eni malole a ngolo ambiri. Batani lija, limene kale linkatha mwezi osalikhudza, tsopano linkadinidwa kangapo patsiku.

Zimene analemba mzungu uja zinali m'kabati, pa mapepala aatali a mizere yobiriwira, atamangidwa ndi chingwe cha nsapato. Ndinawayala patebulo. Munthuyo ankalemba mwaudongo, ndiyenera kunena, ndipo pambali pa mzere uliwonse ankafotokoza chimene ukuchita. Polowa, kachigawo kake kankasunga marejisita anayi. Potuluka, kankabwezera anayi omwewo. Ndinatsatira ndi pensulo njira ya uthenga wamba wa sikelo, ndipo inkagwiritsadi ntchito anayi okha. Kenako ndinatsatira njira ya batani lophatikiza. Inkapatukira ku tsamba lina kumapeto, lolembedwa pambuyo pake, poti ngakhale inki yake inali yosiyana. Pamenepo, pophatikiza kulemera kwa mutu ndi kwa ngolo, anagwiritsa ntchito rejisita yachisanu. Sanaisunge polowa, sanaibwezere potuluka.

Sindinamukwiyire. Ndinkatha kuona mmene zinachitikira: anamupempha kuwonjezera batanilo patapita miyezi, analemba mwachangu, anayesa, zinatheka, n'kuiwala kubwerera pamwamba. Inenso ndinachitapo zotere m'mapulogalamu anga.

Ndinapita kwa abwana ndi tsambalo. Iwo sankadziwa za marejisita, koma anali munthu womvetsera. Ndinawatengera m'chipinda chathu, tinadikira lole ya ngolo, ndipo anaona okha nambala ya pageti ikutulukira pa sikirini.

"Ndiye kukonza kwake kufuna chiyani? Tiitanitse munthu kunja?"

"Ayi, bwana. Ndi mizere iwiri. Koma ndi ya m'kenelo, ndiye aliyense ayenera kuchoka pa kompyuta."

"Mizere iwiri," anabwereza, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukaiononga?"

"Tikhala titasunga yakaleyo pa tepi."

Anatipatsa Loweruka masana, anthu akaweruka.

Loweruka limenelo ana ndinawasiya ndi bambo awo. Kunja kunali dzuwa, wailesi ya alonda ikuulutsa mpira. A injiniya anakopera zonse pa matepi awiri, yachiwiriyo akuti ndi yokhazika mtima wawo pansi. Ine ndinalemba mizere iwiri ija, umodzi wosunga rejisita yachisanu polowa, wina woibwezera potuluka. Kumanganso kenelo kunkatenga pafupifupi ola, choncho tinakhala pakhonde tikudya chinangwa chokazinga chimene anagula pamsewu. Anandisimbira mmene anaphunzirira za magetsi pokonza mawailesi a azungu a m'minda ya tiyi, ndi mmene bambo awo anakanira kukhulupirira kuti imeneyo ndi ntchito.

Itatha, tinazimitsa makina n'kuyatsanso. Anadzuka bwinobwino. Panalibe lole tsiku limenelo, ndiye a injiniya anakwera okha pa sikelo ndi njinga yawo, mlonda n'kudina batani.

Kompyuta inafa nthawi yomweyo. Masikirini onse anangoti gwa, kiyibodi osayankha.

A injiniya analowa akupukuta manja, anayang'ana sikirini, anandiyang'ana ine.

"Njinga yangayi ndi yolemera chonchi?"

Sindinaseke. Ndinabwerera pa pepala, ndipo sipanatenge mphindi zisanu kuti ndione chimene ndinachita. Marejisita amasungidwa mosanjikiza, ngati mbale: imene waika pomaliza ndiyo umayamba kuchotsa. Ine yachisanu ndinaisunga pomaliza, koma poibwezera ndinaiikanso pomaliza m'malo moyamba nayo. Choncho iliyonse inalandira nambala ya inzake. Mzungu uja ankaononga rejisita imodzi, ine ndinaononga asanu onse.

"Bambo, ndalakwitsa ndine. Ndasemphanitsa."

"Ndiye mwaliona. Tepi ilipo, dzuwa lilipo. Yambaninso."

Tinadzutsa makina ndi kenelo yakale ija, ndinasuntha mzere umodzi kuukweza pamwamba, n'kudikiranso ola lina. Ulendo uno sindinatuluke. Ndinakhala ndi pensulo, kutsatira rejisita iliyonse kulowa ndi kutuluka, katatu konse. Itatha, a injiniya anakweranso pa sikelo. Ndinayambitsa kapulogalamu kanga koyang'anira kaja, mlonda anadina batani, ndipo kanangozungulirabe. Anadinanso. Anadina mpaka chala chinatopa, a injiniya akukwera ndi kutsika, nthawi zina ndi njinga, nthawi zina okha, mlonda wachiwiri naye n'kukwerapo kuti nambala isinthe. Palibe rejisita imene inasuntha.

Tinatseka chipinda dzuwa likadalipo. Iwo anapalasa njinga kulowera kwawo, ine ndinatsikira pa Chitawira kukagula matemba ndi tomato, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Bambo a kunyumba anandifunsa kuti zayenda bwanji. Ndinati ndawonjezera mizere iwiri ndipo ndasuntha umodzi. Anati, "Tsiku lonseli?" Ndinati eya, tsiku lonseli, ndipo ndinali wokondwa moti ndinalephera kuwafotokozera.

Lolemba amayi aja anafika ine ndisanafike. Anali atasunga dala mulu wa mapepala pambali. Lole ya ngolo yoyamba itakhota pageti anaitana, "Mwanawe, yabwera ina!" n'kuyamba kutaipa mwaliwiro lonse, kuti ngati chinthucho chikufuna kulakwitsa chilakwitse iwo akuona. Makalaliki ena anasiya ntchito n'kuzungulira makina osindikizira. Pepala linatuluka. Amayi aja analitenga okha, anavala magalasi, analiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi akuloza ndi chala, kenako analiika pa mulu wa abwino. Anachita chimodzimodzi ndi lole yachiwiri ndi yachitatu. Sabata yonseyo sanakhulupirire msanga, pepala lililonse ankaliwerenga kawiri.

Lachisanu abwana anawaitana mu ofesi. Ine sindinalowe nawo, koma anandiuza okha potuluka. Akuti abwana anatulutsa kalata yochenjeza ija m'faelo n'kuwapatsa m'manja kuti achite nayo zimene akufuna, ndipo anapepesa ataimirira.

"Ndiye mwaing'amba?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndikaisunga m'sutikesi. Ana adzaone kuti amayi awo analakwiridwapo ndi makina, makinawo n'kugonja."

Anagwira ntchito zaka zina zinayi asanapume. Nyengo ya thonje ija inatha popanda pepala lina lolakwika, kupatula amene tinkalakwitsa tokha ndi zala.

Mwezi wotsatira, ntchito itachepa, ndinapempha abwana kuti andilole kuwerenga zigawo zina zonse zimene mzungu uja anawonjezera m'kenelo, cha makina osindikizira ndi cha wotchi yolembera nthawi yolowera antchito. Ndinkawerenga masamba awiri kapena atatu patsiku tikamwa tiyi wa m'mawa, pensulo ili m'manja, kulemba m'mphepete rejisita iliyonse imene yakhudzidwa. A injiniya ankakhala mbali inayo ya tebulo akuwotcherera mawaya awo, fungo la mtovu lili m'chipinda monse. Sindinapezemo vuto lina. Koma pofika tsamba lomaliza ndinali nditaidziwa kenelo ija ngati njira ya kumsika, ndipo a injiniya, amene ankati chosagwirika sachikhulupirira, anali atayamba kusuzumira pa phewa langa n'kumafunsa kuti kodi mzere uwu ukuti chiyani.